Ulusi wa Nsapato M'mimba mwa Mphaka Wanga

Amuna anga ankasoka nsapato ndi ulusi wopaka mafuta a ng'ombe, ndipo ulusi umenewo unatsala pang'ono kundiphera mphaka. Zinachitika nkhondo yaikulu yachiwiri isanayambe, tikukhala pa komponi ina m'chigwa cha Imbeza, kufupi ndi Mutare, amene masiku amenewo tinkangoti Umtali. Iwo ankagwira ntchito kumacheka, kocheka matabwa. Ine ndinali nditangobwera kumene kuchokera kwathu ku Nyasalande, mtsikana wa banja latsopano, Chishona osachidziwa ngakhale cha moni.

Mphakayo ndinamutola pa mulu wa utuchi ali kamwana, kotuwa, nthiti zili pamtunda. Bambo, amuna angawo, akanyamuka m'mamawa, wolankhula naye Chinyanja tsiku lonse anali iyeyo. Ndinkamuuza za amayi anga, za munda umene ndinausiya, za msana wopweteka ndi mtolo wa nkhuni, iye ali phee pamiyendo panga. Mwana ndinali ndisanakhale naye, ndiye amayi a pa komponi ankanong'onezana kuti ndikulera mphaka m'malo mwa mwana. Ankanama pati? Ndinkamulera ndithu, ndipo ndinkamukonda kwabasi.

Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi, anzawo a bambo ankabwera ndi jombo zong'ambika. Kwathu wosoka nsapato amapaka ulusi phula la njuchi kuti ulimbe, koma kuno phula linkasowa. Ndiye iwo anapeza nzeru yawo. Pa nyama ya phoso imene ankalandira kuntchito ankachotsapo mafuta, n'kuwasungunula m'kachitini, akauma n'kumakhutizamo ulusi. Ankadula ulusiwo utaliutali ngati mkono wonse, n'kuupachika pa msomali pafupi ndi chitseko. Singano, sizasi ndi kampeni ankazitsekera m'bokosi lawo, ndipo bokosi limenelo mkazi sankaligwira. Nyumba yonse inkanunkha nyama yootcha, koma panalibe anaganizako zoti m'nyumbamo muli wina amene fungolo likumudyetsa malovu.

Lolemba lina bambo anaima pa msomali paja, manja m'chiuno.

"Mayi, ulusi wanga wina uli kuti?"

"Ulusi wanu ndiutani ine?"

"Wamangira nkhuni eti? Ulusi umenewu ndi wa ntchito, iwe."

"Aa, bambo! Luzi lonse lili m'thengomu, ndingalimbane ndi kaulusi kanu konunkha?"

Anachoka ali ndwii, ine ndinatsala ndili ndwii. Tsiku lomwelo mphaka anasanza. Ndinati wadya udzu monga amachitira amphaka, koma mawa lake anasanzanso, thovu lokhalokha. Ndinamuikira mutu wa nsomba, iye n'kungoununkhiza, n'kutembenuka. Mphaka wanga kukana nsomba! Pa phulusa la kuseri kwa nyumba, pamene ankadzithandizira, panali posalala osakandidwa. Anayamba kukhala chokhotetsa msana, dovu lili chuchuchu, n'kumapalasa pakamwa ndi mwendo. Ndikamugwira pamimba ankalira kulira kumene ndinali ndisanakumvepo.

Patapita masiku angapo, m'mawa, bambo anamuyang'ana ali gone pa chiguduli n'kupukusa mutu.

"Ameneyu wadya khoswe wa mankhwala. Sachira. Ndikabwera madzulo n'kumupeza ali chonchi, ndimuika m'thumba ndikamumize kumtsinje."

"Mumize ndani?"

"Ukufuna azingovutika? Usiku wonse akubuula. Si nkhanza zimenezo?"

Sanali munthu woipa mtima, ndinene zoona. Chifundo chawo chinali chimenecho. Koma ine ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti akafuna thumba asoke lalikulu, tikwanemo awiri. Anatola chipewa n'kunyamuka, ndipo ndinadziwa kuti madzulo adzachitadi zimene ananenazo.

Khomo loyandikana ndi lathu kunkakhala mayi wina wamkulu, wakwathu konkuno, koma anabwera ali mwana ndi bambo awo amene ankagwira m'migodi ya golide ku Penhalonga. Chinyanja chawo chinali chosakaniza ndi Chishona, mphaka ankamuti kiti. Anandipeza ndikulira pakhomo.

"Mwanawe, misozi yonseyi ya kiti? Maiwe! Ukadzabereka udzalira chiyani?"

"Mayi, ngati mwabwera kudzandiseka, njira ndi iyo."

"Pepa, pepa. Ukali wako! Wadzimbidwa ameneyo. Dikira."

Anabwerako ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi. Ife anthu akwathu, chilichonse chikavuta m'mimba timathamangira nsatsi, kaya ndi mwana, kaya ndi nkhalamba, ndiye nanenso ndinavomera. Tinamukulunga mphakayo m'chitenje mutu wokha uli kunja. Iwo anamupana m'miyendo, ine ndinamukanula kukamwa, supuni ili m'manja. Tinali panja, dzuwa likuwala m'kamwamo, ndipo mphaka atakweza lilime kuti alire ndinaona kanthu kakuda kunsi kwake.

"Imani, mayi! Musathire."

Ndinakankha lilimelo ndi chala. Kalanga ine! Ulusi wa bambo. Unali utakola pa tsinde la lilime ngati msampha, utalowa m'mnofu, nsonga zonse ziwiri zitatsikira kummero. Mphaka anameza ulusi wonse uja chifukwa cha mafuta, koma pakati pake panakodwa pa lilime, ndiye sunkatha kutsika, sunkathanso kubwerera.

"Ehe, wapezeka!" anatero mayi aja. "Koka! Koka utuluke!"

Ndinaugwira ndi zikhadabo n'kukoka pang'ono chabe. Mphaka anakuwa, thupi lonse n'kupindika m'chitenjemo, ndipo ulusiwo unali gwa, osasuntha. Ndinausiya msangamsanga. M'manja mwangamu ndinamva chimene ndimamva ndikamakoka chingwe cha m'chiuno mwa siketi, nsalu n'kumasonkhana makwinya. Ndinazindikira kuti matumbo ake asonkhana choncho pa ulusi, ndipo ndikakoka ndi mphamvu ulusiwo uwacheka.

"Ukuopa chiyani? Bwera ndikoke ine."

"Mukangougwira, mayi, ine ndi inu tidana mpaka kumanda."

"Nanga utani?"

"Ndiudula pa lilimepo. Ukamasuka upite wokha kumene unkapita."

"Ndi mpeni wa ndiwo? Umudula lilime!"

Ankanena zoona. Mpeni wanga unali waukulu ndiponso wobuntha. Chimene chikanalowa pansi pa kalilime kameneko chinali sizasi yaing'ono yosongoka, ndipo inali m'bokosi la bambo, lokhoma ndi loko. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga nkhwangwa, ndinamenya pa loko kamodzi n'kamodzi, chivindikiro n'kudumpha. Mayi aja atamva kuphulikako anafuula ali panja.

"Mwanawe, waswa bokosi la mwamuna? Ukwati watha lero!"

"Uthe! Gwirani mutu."

Ndinamukanulanso kukamwa. Mphaka anandiluma chala chachikulu mpaka magazi, koma sindinachichotse m'kamwamo. Ndinalowetsa nsonga ya sizasi pakati pa ulusi ndi mnofu, ndinapuma, n'kudula. Nsonga zija zinangoti tsee kulowa kummero, osaonekanso. Mayi aja anagwira pakamwa.

"Basitu, wamumezetsa wonse. Wamupha."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa nanenso sindinkadziwa ngati ndachita bwino. Dokotala wa ziweto analiko m'tauni, koma anali wa ng'ombe ndi akavalo a azungu, ndipo mkazi wa pa komponi wonyamula mphaka akanathera pa geti. Lero ndikanathamangira kumeneko osayesa n'komwe za sizasi, chifukwa amphaka ambiri amene ameza ulusi sapulumuka popanda kung'ambidwa. Koma tsiku limenelo ndinali ndi manja angawa basi. Nsatsi ndinaibweza. Ndinangomudonthezera madzi ofunda pakamwa, n'kumugoneka pamthunzi.

Madzulo bambo anatulukira thumba lili kale m'manja. Anaona bokosi, anaona ine, anaonanso bokosi.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine. Ulusi wanu uja munkati ndamangira nkhuni uli m'mimba mwa mphaka. Ndaudula pa lilime."

"Bodza! Mphaka angadye ulusi? Wayamba liti?"

"Wayamba tsiku limene inu munayamba kuupaka nyama."

Anapita pamene panagona mphaka, ine n'kuima kutsogolo kwawo. Sindinali wamtali, koma tsiku limenelo ndinadzaza khomo. Tili chiyang'anizane choncho, kumbuyo kwanga kunamveka kaphokoso, lapu lapu lapu. Mphaka anali atadzikoka yekha kufika pa mbale, akumwa madzi. Bambo anayang'ana nthawi yaitali, kenako anaponya thumba pakona.

"Tiona mawa," anatero.

Mawa lake sanasanze. Ananyambita msuzi pang'ono pa chala changa. Thumba linali pakona pomwepo, ndipo ine ndinkalidutsa ngati ndikudutsa njoka. Mkuja wake masana ndinamuona akupita kuphulusa kuja, akudzandira. Anakanda, anakhala, anavutika, ndipo atanyamuka kumbuyo kwake kunkalendewera kaulusi kotalika ngati chala.

Mayi aja, amene tsopano sankachoka pakhomo panga, anafika kale atapinda chitenje.

"Uku ndiye tikoke! Watuluka wokha!"

"Musayerekeze! Kukoka n'kumodzi, kaya kukamwa kaya kumbuyo."

"Koma mwana uyu! Ndiye aziyenda ndi michira iwiri?"

Ndinatenga sizasi n'kudula kolendewerako kuti asakakodwe nako pa chitsamba, n'kukasunga pa tsamba. Tsiku lonse ndinalondola mphaka ngati mbusa, amayi a pa komponi akuseka m'makomo mwawo. Wina anafuula mawu a Chishona, onse n'kugwa nako kuseka. Sindinamve, koma ndinawayankha m'Chinyanja mawu amene sindingawalembe pano, ndipo iwonso anamva ndithu kuti si moni.

M'mawa wotsatira, bambo atapita kuntchito, ulusi wonse unatuluka, wopotanapotana, wakuda bii. Mphaka anakwirira, anadzinyambita, anabwera kudzadzikhuza pa mwendo wanga n'kulira kulira kwake kwa njala. Mayo ine! Ndinalulutira ndekha pa phulusa mpaka agalu anauwa. Ndinafukula ulusiwo, ndinautsuka pang'ono, ndinaukoleka pa kamtengo. Pamoto ndinali nditaphika nyama ya bambo, ndinaiphula, n'kuvundikira, n'kunyamuka ulendo wa kumacheka.

Mkazi sankapita kumacheka. Ndinadutsa m'mitengo ya bulugamu kamtengo kali m'mwamba ngati mbendera, mayi aja akundithamangira pambuyo akuti ndapenga. Ndinawapeza amuna atakhala pa zipika, akupuma. Bambo atandiona anadzidzimuka, anayesa kwagwa maliro.

"Kwagwanji?"

"Ndabweretsa ulusi wanu, bambo. Uja ndinamangira nkhuni."

Ndinawatambasulira pamaso pa anzawo onse. Mmodzi wakwathu anafunsa kumene wachokera, ine n'kumuuza mosabisa, ndipo iye anamasulira ena aja m'Chishona. Kuseka kwake! Wina anagwa pa chipika, wina anavula jombo yake n'kuinunkhiza, n'kunena kuti n'chifukwa chake makoswe amamutsata. Bambo anayesa kukwiya, milomo inakana. Anavula chipewa n'kudzibisa nacho kumaso, mapewa akugwedezeka.

"Ali moyo?" anafunsa chapansipansi.

"Ali moyo."

"Mayi, wandigonjetsa. Pita kunyumba usanandichotsetse ntchito."

Ndinabwerera ndikuimba nyimbo za kwathu njira yonse, mokweza, osasamala womva. Nditafika ndinapeza chitseko chili pululu, chivindikiro cha mphika chili pansi, msuzi uli mbwee. Nyama ya bambo yonse inali itatha psiti. Mphaka anali gone pambali pa mphikawo, mimba ili tolotolo, akunyambita ndevu, n'kundiyang'ana ndi diso limodzi. Ndinakhala pansi pomwepo n'kuseka mpaka misozi.

Madzulo amenewo bambo anadyera masamba a maungu opanda ndi mafuta omwe. Anasuzumira mumphika, anayang'ana mphaka, anayang'ana ine.

"Yonse?"

"Yonse, bambo."

Anatema mbamu, anaisunsa m'masamba muja. "Adye," anatero. "Wachokera kutali."