Uthenga Unafika ku Kamitondo Ine Ndisanafike

Ndinkagwira ntchito mu ofesi ya kachipatala kolipira ku Ndola, chakufupi ndi komboni ya Pamodzi. Chaka chimene anatibweretsera makina oyankha okha aja, ntchito yowayesa anaipereka kwa ine, mwina poti ndine wamakani. Makinawo sadziwa chipatala, sanaonepo wodwala. Ali ndi zida zawo m'kompyuta momwemo, china chotsegula mbiri ya wodwala, china chosungira munthu malo kwa dokotala, china chotumiza uthenga pafoni kwa achibale. Chida chilichonse anachilembera mawu ochepa ofotokoza ntchito yake, ndipo makinawo amawerenga mawuwo n'kusankha okha choti agwiritse. Ine ndinkapeka nkhani, n'kuwapatsa, n'kuona ngati mawu aja awatsogolera bwino kapena awasocheretsa.

Zambiri zinali zoseketsa. Ndikapeka mayi wofuna tsiku la sikelo, iwo ankamusungira malo kwa wozula mano, chifukwa mawu a chidacho sankanena kuti malo ake ndi a kwa yani. Ndinkaimbira bambo wa ku Lusaka amene anatigulitsa makinawo, ndimukalipire, iye awonjezere mawu, mawa lake ziyende.

Tsiku lina ndinapeka imfa. Mawu a chida cha uthenga ankati wachibale adziwitsidwe msanga chilichonse chikasintha pa wodwala. Makina sanazengereze, anatumiza.

"Apa mwalakwitsa," ndinamuuza wa ku Lusaka uja.

"Ba mudala, alakwitsa pati? Atsatira zimene tinalemba."

"Ndiye zimene munalembazo n'zopusa! Maliro amatumiza pafoni ngati kuitanira munthu ku mpira? Lembani kuti za imfa asakhudze, aitane munthu."

"Osadandaula, mwezi wamawa tikonza pamodzi ndi zina."

Ndinamenya tebulo, kapu inagwa n'kusweka. Bwana anandiitana kuti ndichepetse mawu, odwala akumva. Mwezi wamawa uja usanakwane, makina akugwira kale ntchito pa odwala enieni, mng'ono wanga anadwala.

Ankayendetsa thiraki, akukhala yekha ku Mushili chisiyaniraneni ndi mkazi wake, ndipo shuga anali atamudya kale osanena. Ndinamubweretsa kuchipatala kwathu komweko kuti ndizimuona pafupi. Pomugoneka anamufunsa nambala ya wachibale, iye n'kupereka ya amayi ku Kamitondo, ku Kitwe. Anandiyang'ana akuseka. "Inu achimwene mukakwiya mumazimitsa foni." Nanenso ndinaseka. Sindinkaganiza kuti angafe, munthu anabwera akuyenda yekha.

Anamwalira m'mawa, cha m'ma teni. Nesi anabwera pakhomo la ofesi n'kundikodola, "Ba kalaliki, tabwerani kuno." Atandiuza, misozi sinabwere. Chinabwera ndi funso.

"Mwalemba kale m'kompyuta?"

"Ee mukwai, timalemba nthawi yomweyo."

Ife tinabadwira kumigodi kuno, pamsewu timalankhula Chibemba ngati wina aliyense, koma zina makolo athu anabwera nazo kuchokera ku Malawi ndipo sitinazitaye. Mayi sauzidwa za imfa ya mwana wake ali yekha. Amapita mkulu wa mpingo ndi azimayi, afike, akhale pansi, afunsane za moyo. Kenako mkuluyo amayambira kutali, kuti mwana uja matenda akula, pamene azimayi akhala kale m'mbali mwa mayiyo kuti akamagwa agwere m'manja mwa anthu. Bambo athu atamwalira, amayi anauzidwa chomwecho.

Ndinaimbira mkulu wa mpingo wa ku Kamitondo kuti asonkhanitse azimayi andidikire pakona ya msewu wa kwa amayi. Amayi sindinawaimbire. Akanayankha ndikanati chiyani? Minibasi inaima pasiteshoni kudikira kudzaza, ine n'kumutukwana kondakitala m'Chibemba mpaka anthu anatembenuka. Iye anangoti, "Ba mudala, ngati muli pachangu gulani yanu." Njira yonse yopita ku Kitwe ndinkadzinamiza. Mwina magetsi azima foni yathera moto. Mwina aisiya kuchipinda ali kuseri kuthirira ndiwo, amatero kawirikawiri. Ndinapemphera kuti magetsi azime, ine amene ndimawatukwana akazima.

Pakona ndinawapeza atandidikira, azimayi atamanga zitenje. Mkulu wa mpingo anandigwira paphewa nati, "Inu mukhale chete, ndilankhula ndine." Tinayenda pang'onopang'ono kuti oyandikana nawo asazindikire. Titakhotera kunyumba tonse tinaima.

Mipando inali panja. Kuno kukagwa maliro mipando amaitulutsa pabwalo kuti azibambo akhalepo, azimayi akhale pansi m'nyumba, ndipo imeneyo ndi ntchito ya anthu obwera kudzathandiza. Koma pabwalo panalibe munthu. Sofa lalikulu lija, limene ine ndi mng'ono wanga tinkalinyamula awiri tikukangana, linali litapendekeka pafupi ndi mpopi, miyendo yake itakanda mizere m'dothi kuchokera pakhomo. Amayi analikoka okha, nkhalamba ya bipi, osaitana ngakhale mnansi.

M'nyumba munali mbee. Amayi anakhala pamphasa atatsamira khoma, duku kumutu, foni pamiyendo. Maso anali ouma.

"Lowani," anatero. "Khalani pansi."

Tinakhala. Azimayi anasendera m'mbali mwawo. Mkulu wa mpingo anakhosomola, nayamba, "Mayi, mwana wathu uja ku Ndola matenda..." Anayang'ana foni ija, n'kuyang'ana ine.

"Pitirizani abambo," anatero amayi. "Nenani bwinobwino mpaka kumapeto. Ndakhala ndikudikira kuti ndilire pali anthu."

Mkuluyo anayambiranso pachiyambi, nanena zonse mmene zimanenedwera, osadumpha. Atafika pa mawu omaliza, amayi anatsegula pakamwa, ndipo azimayi anawagwira.