Kukatenga Achimwene ku Vigo

Foni inalira ndili pa shifiti ku Mississauga, kutsidya kwa nyanja, m'nyumba yaikulu yosungiramo katundu momwe ndinkamata mapepala pamakatoni. Munali mu Febuluwale, chipale chofewa chitaunjikana m'mbali mwa misewu mpaka kuda ngati phulusa. Anali amuna anga. Iwo sankaimba nthawi ya ntchito, choncho ndinasiya makatoni n'kuyankha msanga.

"Pemphani kuti muweruke. Achimwene anu ali m'chipatala ku Spain."

"Ku Spain bwanji? Achimwene ali ku Cape Town."

"Anali pa sitima ya asodzi. Awatsitsa padoko lina, akuti Vigo. Sakuyankhula."

Achimwene anga aakuluwo anachoka kwathu ku Mangochi ine ndili kusekondale. Anayamba ndi kusamalira maluwa m'nyumba za azungu ku Joni, kenako anapeza malo pa sitima zazikulu zopha nsomba m'nyanja yamchere. Tinkamvana pafoni mwa apo ndi apo, koma nkhope yawo ndinali nditaiona komaliza tsiku limene anakwera basi. Pabanja ponse, wokhala ndi pasipoti yolowera ku Ulaya popanda kudikira viza ndinali ine ndekha. Amuna anga anandibukira tikiti, mwana tinamusiya kwa mnansi wathu wa ku Chipata, ine ndinanyamuka.

Ndinkadziwa kuti Spain ndi dziko la dzuwa. Ndinatsikira mumvula yowaza, yosaleka. Mzindawo unakwera phiri, nyumba zazitali zamiyala yotuwa zitapanikizana, ndipo kumunsi kwake kunali doko lodzaza sitima ndi zitsulo zonyamulira katundu. Nditangotsika m'takisi, fungo la nsomba ndi dizilo linandilowa mpaka kukhosi. Pamwamba pankazungulira mbalame zoyera za kunyanja, zikulira ngati makanda anjala. Ku Scarborough, komwe timakhala, nthawi yozizira anthu amayenda chete, aliyense atabisa nkhope m'jekete. Kuno ayi. Madalaivala ankaimbirana mahutala, azibambo ankasuta fodya pamakomo akukuwizana ngati akuyambana, kenako n'kuseka. Azimayi okalamba ankapsompsonana m'masaya pakati pa njira, osapatuka. M'malo odyera munali mutapachikidwa miyendo ya nkhumba youma, mzere wonse, ziboda zili m'mwamba. Ndinayang'ana kumbali.

Wodziwa Chingerezi sindinamupeze. Dalaivala anali atandisiya pakhomo lolakwika, ndipo ndinazungulira chipatala chonse ndikukoka sutikesi, madzi atalowa m'nsapato.

Namwino wina wachitsikana atamva dzina la achimwene, anandiyang'ana kaye, n'kufunsa mawu amodzi amene ndinawamva: ngati ndinali wachibale. Ndinavomera ndi mutu. Sanandiperekeze kuwodi. Anandilowetsa m'kachipinda momwe munali mipando iwiri ndi katebulo, natseka chitseko. Apo ndinadziwa. Dokotala anabwera ndi Chingerezi chake chothyokathyoka, nati mtsempha unaphulika m'mutu, ndipo anamwalira m'mawa wa tsiku lomwelo, ine ndikudikira ndege yachiwiri ku Madrid.

Ananditsitsira kuchipinda chozizira. Atavundukula nsalu, ndinaona munthu wa imvi, masaya atalowa. Ndinawazindikira ndi kachipsera ka pachipumi kamene anavulala tili ana. Manja awo anali ong'aluka, olimba ngati chikopa, ndipo chala chimodzi chinali choduka. Sanatiuzepo za chala chimenecho. Achipatala anandipatsa jumbo momwe munali jekete lonunkha nsomba, kofiya ndi sopo wotsala.

Nditatuluka ndinakhala pamalo odikirira basi. Misozi siinabwere. Masitolo anali atatseka ngakhale kunali masana, anthu onse atadzaza m'malo odyera, mbale ndi matambula zikulira. Kutsogolo kwanga bambo wina wakuda anali atayala maambulera pansalu. Anayang'ana mpango wanga wakumutu, nandipatsa salamu. Nditayankha, m'pamene ndinayamba kulira, mokuwa, ngati mmene timalirira kwathu. Odutsa ankandilambalala.

Bamboyo anali wa ku Senegal. Chingerezi ankangochitola, koma mawu oti jeneza, maliro a Chisilamu, anawamva. Anamanga maambulera ake, nanyamula sutikesi yanga, n'kunditsogolera kukwera chitunda mpaka kumzikiti. Mzikitiwo unali chipinda chapansi pa nyumba yosanja, pafupi ndi galaja. Kumeneko kunali mkulu wina wa ku Morocco amene ankayankhula Chingerezi chomveka. Anandifotokozera kuti kutengera thupi ku Malawi kukanafuna zikalata za milungu yambiri. Kenako anati manda a mumzindawo ndi makoma ataliatali okhala ndi timapanga, ndipo bokosi amalilowetsa m'kaphanga n'kutseka ndi simenti, wina pamwamba pa mnzake.

"Ayi, bambo," ndinatero. "Achimwene anga agone m'dothi."

"Ndiye apita kutali, mwanangu. Manda athu ali m'kati mwa dziko, ulendo wa tsiku."

Ndinaimbira amuna anga. Iwo anafunsa a shehe athu a ku Scarborough, ndipo yankho linali loti maliro asachedwetsedwe. Ndinavomera, ngakhale ndinkadziwa kuti amayi kumudzi akudikira mwana wawo, wamoyo kapena m'bokosi.

Zikalata zitatha, azibambo amene sanawaonepo achimwene ali moyo ndiwo anawasambitsa, kuwakulunga m'sanda ndi kuwapempherera. Ine ndinkagona kwa mkulu uja. Akazi awo ankandipatsa tiyi wotsekemera kwambiri wamasamba obiriwira, n'kukhala pambali panga atandigwira dzanja. Sitinkamvana chilankhulo. Nthawi zina ankandiyankhula motalika m'Chiarabu, ine n'kuyankha m'Chiyao, basi.

Galimoto ya maliro inanyamuka m'mawa, pamodzi ndi azibambo awiri a mumzikiti. Ine ndinatsala, monga mmene azimayi timatsalira kwathu. Ndinaima panjira kuiyang'ana. Inaima pamaloboti, anthu akuoloka kutsogolo kwake atapanira buledi wamtali m'khwapa, wina akukoka galu. Kenako inakhota kuseri kwa basi.

Tsiku lomaliza ndinatsikira kudoko. Ndinkafuna kuona sitima imene ankagwirako ntchito, kapena kupeza munthu mmodzi yekha wondiuza mmene anagwera, ngati anatchula aliyense. Mlonda wa pageti anamvetsera, naloza kunyanja ndi chibwano. Sitima inali itabwerera kale kukapha nsomba.

Ku Scarborough ndinapeza chipale chikadalipo. Tinachita sadaka m'nyumba mwathu, nsapato za anthu zitadzaza m'khonde mpaka pafupi ndi chikepe. Anthu ankandifunsa ngati achimwene anayankhulapo kanthu ndisanawataye, ine n'kumangopukusa mutu.

Anthu atabalalika, ndinagula khadi yoimbira kunja, ndipo amayi anakawaitana kuti abwere pafoni ya kugolosale. Mawu awo ankamveka mochedwa.

"Unaona pamene amugoneka?"

"Ayi, amayi. N'kutali. Anapita azibambo."

"Azibambo a kwani?"

"Asilamu anzathu. A maiko ena."

Kenako anafunsa dzina la malowo. Ndinawatchulira pang'onopang'ono. Anayesa kubwereza, lilime linakana. Anayesanso, n'kulakwitsa penapake.

"Siya," anatero. "Ukadzabwera udzandiphunzitsa."

Ndinawauza kuti ndidzabwera ikatha mvula. Chaka chimenecho sindinapeze tchuthi, ndipo m'mawa wotsatira foni ija ndinakwera basi yoyamba kubwerera kuntchito ku Mississauga.