Amene Anadyetsa a Zuze m'Bango

Linali tsiku lopuntha mapira kwathu ku Mozambique, nthawi ya nkhondo. Ine ndi mayi tinali pabwalo, bambo atapita kusitolo kukagula mchere. Mfuti zinayamba kulira chakumeneko. Mayi ananyamula chitini chophikira ndi mpeni basi. Mapira tinawasiya pamphasa, n'kuthawira kudambo pamodzi ndi anthu ena a m'mudzi. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu.

Achinyamata a mumpingo mwathu kuno ku Nsanje amaidziwa nkhaniyi, koma amaidziwa molakwika, monga amaimvera kwa alaliki. Amati Mulungu anasankha a Zuze, mkulu wa mpingo wathu ku Mozambique, kuti atiwolotse dambo, ndipo anawadyetsa monga anadyetsera mneneri uja kudzera mwa makwangwala. Akatero amaomba m'manja. Ine ndinaliko. Ndiponso ndinaphunzira mpaka Folomu 4, choncho sindisakaniza zimene ndinaona ndi zimene ndinamva.

A Zuze anali msodzi asanakhale mkulu wa mpingo. Pakati pathu ndi iwo okha amene ankadziwa njira za m'bango zotulukira kwa Nyachikadza, mbali ya ku Malawi kuno. Bwato linali limodzi, wopalasa anali iwowo. Mpaka apa alaliki salakwitsa.

Chakudya chathu chinali nyika, mizu ya maluwa a m'madzi. Akazi ankalowa m'madzi ofika m'khosi, kuifufuza ndi zala za kumapazi, kenaka kumira kukaizula. Inali yochepa, pakuti othawa ena anali atadutsamo kale.

A Zuze anakana gawo lawo. Anati sangadye ana akulira, ndipo Mulungu amene anawatuma adzawadyetsa yekha. Tsiku lachitatu nkhafi inawapulumuka m'manja kawiri.

Masana aliwonse ankapatuka kukapemphera paokha, chipewa atachisiya pansi. Tsiku limenelo pobwerako anapeza m'chipewamo nyika zinayi zowiritsa. Anachikweza kuti tonse tione. Kenaka anagwada nadya.

Ine ndinali nditaona dzanja limene linaziikamo. Mayi anandigwira mkono mwamphamvu.

"Usanene, mwanangu. Akadziwa aleka kudya. Akagwa iwowa, tonse tithera muno."

Zinachitikanso mawa lake, ndi masiku onse otsatira. Ndikawafunsa mayi ngati adya, ankayankha kuti adyera kumadzi komweko. Ndikawagawira yanga ankaibweza. Chibangili chawo chinayamba kutsetsereka mpaka pachigongono.

Malungo anawagwira mayi tsiku lachisanu ndi chiwiri. Anagona m'bwato, ana a eni atakhala kumiyendo kwawo, koma gawo lawo linkafikabe m'chipewa. Patapita masiku awiri anamwalira, dzuwa lili pamutu.

Tinawaika pachulu, malo okhawo ouma. Manda anakumba a Zuze ndi nkhafi, okha, osapumira. Mphamvu anali nazo.

Tsiku lotsatira m'chipewa munalibe kanthu. A Zuze anatiuza kuti chimenecho n'chizindikiro chakuti Mulungu watsiriza ntchito yake, tayandikira. Analondola. Dzuwa lisanalowe tinaona utsi wa m'makhitchini, ndipo amayi ena a kwa Nyachikadza anatipatsa mbatata yootcha. Yanga ndinaigwira m'manja mpaka inazizira.

A Zuze anakhala ndi moyo mpaka ukalamba. Chaka ndi chaka ankabwera nacho chipewa chija kutchalitchi. Ine ndinkakhala kumbali ya amayi, osanena kanthu, chifukwa mayi sanandimasule pa mawu aja. Tsopano a Zuze anatisiya, ndipo palibenso amene angaleke kudya akamva.

Sinditsutsa kuti Mulungu amadyetsa atsogoleri amene wawasankha. Ndinaona mtsogoleri akudyetsedwa. Chimene sindinamvepo paguwa n'chakuti chakudyacho chimachoka m'mbale ya yani.

Bambo sitinawaonenso. Chulu chija madzi osefukira anachikokolola kalekale, ndipo sindingathe kuloza pamene chinali.

Alaliki akonze mfundo imodzi yokha. M'dambo muja munalibe makwangwala. Munali mayi anga, ndipo dzina lawo linali Joakina.