Zonse Zili Bwino, Bwana

Amuna anga anali telala pakhonde la sitolo ina pa boma la Mangochi. Ankasoka mikanjo yosiririka, koma maso awo, amene anali ovuta chibadwire, anafika potopa. Ulusi umodzi ankauona ngati uwiri, misoko n'kumakhota. Anthu atayamba kubweza zovala, mwini sitolo anati akapanda kukonza masowo, pakhondepo pakhala wina.

Dokotala wa maso ankabwera kamodzi pachaka. Atabwera, tinaonetsa makadi a chipani pageti la chipatala, n'kulowa. Dokotalayo anali mnyamata waulemu. Anati diso la amuna anga silinali lobulungira bwino, linali ngati dzira, ndipo galasi lake liyenera kupendekeka molingana ndi disolo. Tochi yake younikira m'maso inali itatha mabatire, choncho anati adalira pakamwa pa wodwala.

Anawaonetsa chithunzi cha mizere yonga masipoko a njinga.

"Ndi mizere iti ikuoneka yakuda kwambiri, bambo?"

"Yonse ili bwino, bwana."

Anawaveka chimango chachitsulo, n'kumalowetsamo timagalasi, uku akutitembenuza pang'onopang'ono.

"Ili ndi lija, labwino ndi liti?"

"Onse ndi abwino, bwana."

Dokotala anawachonderera kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma iwo ankangovomera, manja ali pamaondo. Ine pakona mtima unkawira, koma mkazi sayankhira mwamuna wake pamaso pa mlendo. Panja mzere unali wautali. Mnyamata uja anausa moyo, n'kulemba zimene anaganiza.

Panjira ndinawakalipira. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona:

"Iwe, munthu wa boma wabwera ndi zinthu zake, ine ndimuuze kuti n'zoipa? Ukufuna ndikagone kuti?"

Magalasi atafika, zinthu zinanyanya. Pansi pankaoneka potsetsereka, singano inawabaya chala kawiri. Ndinalira, ndinawapempha kuti chaka chamawa tikanene zoona. Anakana, ati kubweza chimene wapatsidwa ndi mwano. Pakhonde paja panakhala wina, makina tinagulitsa, ine ndinayamba kuyanika usipa wa eni ake.

Mpaka lero zimandiwawa. Lachisanu lililonse ankavala magalasiwo popita ku mzikiti, akuponda mofufuza, ndipo aliyense wowafunsa ankamuyankha kuti boma lawathandiza kwambiri.