Amayi Ankazimitsa Hiti Pampu Ine Ndikapita ku Ntchito

Inu owerenga, ine ndinadandaula za bilu ya magetsi mayi anga akumva, ndipo lero ndilibe mayi. Ndikulemba izi kuti zimene zinandigwera zisagwere wina.

Ndimasamalira odwala pachipatala china ku Indianapolis, mzinda wa ku Indiana. Nditagula kanyumba ku Lawrence, dera la pafupi pomwepo, ndinachotsa chotenthetsera chakale cha gasi n'kuikitsa hiti pampu, makina a magetsi otenthetsa nyumba. Wogulitsa anandinyengerera kuti ndisayine pulani imene mtengo wa magetsi umasintha ndi nthawi: wokwera masana ndi madzulo, wotsika anthu akagona. Makinawo anawaikira mita yakeyake, imene inalinso ndi kandalama kolipira mwezi ndi mwezi. Ndinasayina osafunsa zambiri.

Nthawi imeneyo Amayi anali atabwera kuchokera ku Ntcheu, ndipo ankakhala kwa achimwene anga ku South Bend, m'nyumba ya lendi imene inkatenthetsedwa ndi eni ake. Ine ndi amene ndinaumirira kuti abwere kwanga. Ndinkafuna agoneko m'nyumba ya mwana wawo wamkazi.

Bilu yoyamba ya nyengo yozizira itafika, mutu unaima. Ndinaimbira mnzanga ndili pabalaza pomwepo, n'kumalalata kuti makinawa akundimaliza masana, nthawi imene magetsi amadula. Amayi anali pampando akuluka chipewa. Madzulo ake anangondifunsa mmene kabokosi kapakhoma kolamulira makinawo kamagwirira ntchito. Ndinawasonyeza poyatsira ndi pozimitsira, ndikuganiza kuti n'chidwi chabe. Ndinaiwala kuti awa ndi mayi amene kumudzi sankatuluka m'chipinda babu ili chiyakire, kuopa kuti mayunitsi angathe mwezi usanathe.

Mita ija inkatumiza zonse pafoni panga. Patapita masiku ndinaona kuti magetsi a masana atsika kwambiri. Ndinasangalala, mpaka ndinauza anzanga kutchalitchi kuti nawonso ajoine pulaniyo. Ndikaweruka ndinkapeza nyumba ili yofunda bwinobwino. Amayi atayamba kutsokomola ndinati ndi chimfine, n'kuwagulira mankhwala ndi jinja. Ine, munthu amene ndimamva chifuwa chotere tsiku lililonse kuntchito.

Tsiku lina shifiti yanga anaifupikitsa, ndinabwerera kunyumba masana. Nditatsegula chitseko, m'nyumba munali zii ngati panja. Mpweya wa m'kamwa mwanga unkaoneka. Ndinawapeza kuchipinda atakhala pabedi, atavala jekete yanga yaikulu, zitenje m'khosi, mabulangete m'miyendo, milomo itachita kuda. Buku la nyimbo linali pamiyendo pawo koma manja sankatha kuligwira.

"Amayi, mwazimitsiranji?"

"Ndimati ndikuthandizeko, mwanangu. Ukuvutika wekha. Kuzizira ine ndinazolowera ku Ntcheu."

Inu owerenga, kuzizira kwa ku Ntcheu ndi kwina, kwa ku Indiana mu Januwale ndi kwina. Ndinazindikira pomwepo kuti m'mawa uliwonse galimoto yanga ikangotuluka ankazimitsa, n'kuyatsanso ndikatsala pang'ono kufika, kuti ndisadziwe.

Ndinathamangira nawo kuchipatala komwe ndimagwira ntchito. Anati ndi chibayo, ndipo chinali chitalowerera. Anzanga anayesetsa, koma sabata yotsatira Amayi anatisiya.

Achimwene sanandikalipire. Tikuperekeza maliro kubwalo la ndege anangoti, "Amayi akanangondiimbira, ndikanabwera kudzawatenga." Bola akananditukwana.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndinachimva pambuyo pake kwa wokonza makinawo. Anati nyumba ikazizira chotero, poyatsanso makinawo amadzutsa zotenthetsera zina zapadera zimene zimameza magetsi ochuluka, ndipo zinkayaka madzulo, mtengo uli pamwamba. Zimene Amayi ankasunga masana zinkapita madzulo omwewo. Anazizidwa pachabe.

Nyumbayi ndikukhalamobe. Makina aja akayamba kulira panja ndimadzidzimuka, n'kucheukira pakabokosi kaja ngati ndionapo dzanja lawo. Chipinda chawo sinditseka, ndimafuna mpweya wofunda uzilowamo, ngakhale mulibe munthu. Masiku amene sindili kuntchito, masana akafika ndimatuluka, chifukwa ndikakhala chete ndimamva ngati wina akutsokomola.

Abale anga amene muli kuno, musanasayine pulani ya magetsi funsani bwino nthawi imene amadula, zimene mita imawerenga, ndiponso amene amatsala m'nyumba nthawi imeneyo. Magetsi akatsika mwadzidzidzi musafulumire kusangalala, fufuzani chifukwa chake. Za mabilu musamadandaule makolo akumva, chifukwa kholo likakhala pakhomo pa mwana wake limadziona ngati mtolo, ndipo limayesetsa kudzipeputsa mwakachetechete. Muziwaimbira masana muli kuntchito. Musawafunse ngati ali bwino, adzati ali bwino. Afunseni kuti avala chiyani.