Mikanda ya Amayi

Mikanda ya amayi inali yofiira ndi yoyera, ndipo pakati pake panali kamkanda kamodzi kobiriwira, kobenthuka m'mbali. Ndinkaiona tikamasamba kumtsinje, itakhala bwinobwino m'chiuno mwawo. Mumtima ndinali nditaitenga kale. Mwana wamkazi ndinali ndekha, nanga ikanapita kwa yani?

Chaka chimenecho chifuwa chachikulu chinawagwira amayi anthu atangomaliza kutola thonje. Abambo anawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala ku Mua. Atakhalitsa kumeneko anabwera nawo n'kungoti, "Akuti tizikawasamalira kunyumba." Ine ndinavina pabwalo, poyesa kuti achira.

Kunja kunatentha monga kumatenthera ku Mtakataka mvula ikayandikira, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa. Ndi m'masiku amenewo pamene mayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, anatsika sitima kuchokera ku Golomoti, kamtolo kali pamutu. Anali namwali wojintcha, woseka ndi mano onse. Anati abwera kudzadwazika matenda.

Ndinadana nawo tsiku lomwelo. Phala ndinkawamwetsa amayi ndine, koma tsopano supuni inali m'manja mwa eni ake atsopano, ine n'kumatumidwa kukatola mango. Madzi osamba a abambo ankapereka ndi iwo. Tsiku lina abambo, amene anali asanasekepo chiyambire matenda, anaseka pakhonde chifukwa cha nthabwala zawo. Ndinayang'ana amayi pamphasa. Anali atatsinzina ngati agona, koma zala zawo zinali zitafinya nsalu zolimba.

Lero ndikudziwa kuti mayi aang'onowo sanalakwe kanthu. Ankachapa nsalu za magazi zimene ena ankaopa ngakhale kuzikhudza. Koma mwana wansanje saona zimenezo. Ine ndinkangoona kuti akudya bwino, amayi anga akutha ngati sopo.

Masana ena amayi anawaitana n'kuwauza kuti atseke chitseko. Ine anandithamangitsa, koma ndinakakamira pakona. M'nyumba munkanunkha mankhwala ndi thukuta. Amayi anapisa dzanja m'nsalu, ndipo mikanda ija inangotsetsereka yokha, poti chiuno choigwira panalibenso. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaiika m'manja mwa mng'ono wawo.

"Ukawonjezere ulusi," anatero. "Iwe ndiwe wonenepa."

"Achemwali, musatero," anayankha mayi aang'ono, misozi ili mbwembwembwe.

"Tenga. Koma usavale ine ndikupuma."

Ndinalumpha n'kukuwa kuti mikandayo ndi yanga. Ndinalira, ndinadzigwetsa pansi, ndinawatchula mayi aang'ono kuti wakuba. Amayi sanandikalipire. Anangoti, "Iyi si ya ana," n'kutembenukira kukhoma. Tsiku lonselo phala la mng'ono wawo analikana. Madzulo analandira langa. Ndinanyada kwambiri, poyesa kuti ndapambana mlandu.

Anatisiya mvula yoyamba itangogwa, fungo la dothi lili ponseponse. Maliro atatha mayi aang'ono sanabwerere ku Golomoti. Akuluakulu a mbali zonse anakhala pansi, ndipo chaka chitatembenuka iwo ndi abambo anakadalitsa ukwati kutchalitchi. Anandilera bwino, sindinganame. Koma tsiku limene ndinaona kamkanda kobiriwira kaja kumtsinje, kali pa ulusi watsopano m'chiuno mwa mayi aang'ono, ndinasamba motembenuka n'kubwerera ndekha kunyumba.

Ndinkayesa kuti wolandidwa m'nyumba muja ndinali ine. Sindinkadziwa kuti mikanda ya m'chiuno mkazi amavalira mwamuna wake. Sindinkadziwanso kuti amene anatumiza mawu ku Golomoti anali amayi eni ake, poopa kuti ndingaleredwe ndi mkazi wachilendo. Ine ndinkalirira mikanda. Iwo anali atapereka mwamuna wawo ndi manja awo, nsanje ikuwadya kuposa chifuwa, n'kutembenukira kukhoma kuti ndisaone nkhope yawo.