Mphindi Khumi ndi Zinayi Zimene Gibo Anathamangitsa

Gibo wa vidiyo ya kuseri kwa chigayo cha mpunga wandibera mphindi khumi ndi zinayi. Sindikunena ndalama ayi. K300 ija adye, agulire sopo, malaya ake aja akulira. Ndikunena mphindi. Poti pa gulu lathu lino la pa foni pali anthu kuyambira kuno ku Chia mpaka ku Dwangwa, ena mwa inu anzake omwa nawo tiyi, mumuuze kuti a Bwanali alemba.

Malembedwe mundikhululukire. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, chaka chimene aphunzitsi anandipeza ndikuwagulitsa mango a mumtengo wawo womwe. Koma manambala ndimawadziwa. Ndaima pa sikelo ya mpunga zaka zambiri, palibe venda anandipusitsapo.

Sabata yatha yonse pamsika panali nkhani imodzi, filimu yachimwenye imene Gibo wabweretsa, ya anthu opita kunja opanda mapepala. Aliyense anali ndi yake. Wometa tsitsi amati ndi yoseketsa, anaseka mpaka nthiti. Aphunzitsi a pa pulayimale amati ndi phunziro lalikulu kwa achinyamata, chonsecho anaonera theka akuodzera. Anyamata a kabaza amati Amwenye ndi amantha, amalira msanga, iwo atapeza ya ulendo mawa lomwe anyamuka. Mayi wina wogulitsa usipa, amene sanaponde n'komwe m'vidiyomo, amati onsewo ndi zitsiru, munthu ungasiye amayi ako chifukwa cha jekete?

Ine ndinkangoseka nawo. Kenako wina anati muli pena pamene anthu amawatsekera m'thiraki. Kuseka kunathera pomwepo.

Achikulire mukudziwa, koma ana a dzulo mwina ayi. Ndili ndi mwana, Rajabu. Zaka zitatu zapitazo, titangokolola, tinagulitsa mpunga n'kupatsa transipota, mmodzi wa anthu aja amati adzakufikitsa ku Joni popanda pasipoti. Rajabu anaimba ali kutsidya kwa Tete. Anati, "Baba, akuti tikwere thiraki yotseka ndipo mafoni tizimitse. Ndikuimbirani tikatsika."

Sanaimbe. Nambala ya transipota siikupezeka mpaka lero. Maliro sitinakhale, chifukwa ungalire ndani? Kudikira nakonso tinatopa nako. Timangokhala.

Nditawauza amake Rajabu za filimuyo, anasiya kutsuka mbale. Mayi wa msinkhu wawo salowa m'vidiyo, mukudziwa. Anamasula pa nsonga ya chitenje n'kutulutsa K300.

"Bambo ake Rajabu, pitani mukaone mmene zimakhalira m'katimo. Mudzandiuze."

Ndiye ntchito imene ndinatumidwa. Osati magule. Osati ndewu. M'kati mwa thiraki.

Lachisanu nditatuluka ku mzikiti ndinavula kofia n'kuika m'thumba, poti a shehe amadutsa njira yomweyo pa njinga ndipo maso awo ndi akuthwa kuposa a nkhwazi. Pa bolodi Gibo analemba kuti 2 koloko. Ndinafika 1:50. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Madala, mwasochera? Chigayo ndi uko."

Ndinati ndabwera kudzaona ngati Amwenye ali ndi nkhalamba yokongola kuposa ine. Analandira ndalama. Chiphaso? Kuseka kwake ndiye chiphaso.

Filimu ya 2 koloko inayamba 2:35. Chifukwa? Akuti tidikire anthu adzaze, ngati minibasi ya ku Dwangwa. Mphindi 35 tili pa benchi ya thabwa limodzi, malata akuwotcha, mawindo omata mapepala akuda, fungo la nsapato za anyamata likuzungulira ngati nalonso lalipira. Sindinadandaule. Munthu amene wadikira zaka zitatu, mphindi 35 ndi chiyani?

Inayamba. Womasulira uja wa m'filimu momwemo, amene amalankhula Chichewa pamwamba pa Chimwenye, pakamwa pake sipatseka. Ekita, mwini filimu, anali telala wa ndevu zapamlomo. Womasulira anamutcha Bigi. Bigi wagulitsa makina osokera, wagulitsa munda wa amayi ake, wapereka zonse kwa bambo wa magalasi akuda. Anthu m'vidiyo akuseka kuti, "Wadyedwa ameneyo!" Ine sindinaseke. Transipota wathu nayenso anali ndi magalasi.

Kenako nyimbo. Atsikana akuvina pa phiri, zovala akusintha kanayi. Mphindi khumi ndi imodzi. Kodi Gibo anathamangitsa pamenepo? Ayi. Anakwezanso sipika.

Itakwana 3:30 thiraki inabwera. Yaitali, yotseka mbali zonse, yopanda ngakhale kabowo. Anthu anayamba kukwera ndipo ine, mwa chizolowezi cha pa sikelo, ndinawerenga. Anakwera 23. Wachisanu ndi chinayi anali mnyamata woonda, wa malaya achikasu, atanyamula jumbo m'manja. Womasulira sanamupatse ngakhale dzina. Pokwera anaponda molakwika, anatembenuka n'kuseka pang'ono mwamanyazi. Rajabu amaseka choncho akapunthwa.

Bigi ndinamusiya pomwepo. Ine wanga anali wachikasuyo.

Chitseko chinatsekedwa. Pa sikirini panada bii. Kumangomveka kupuma kwa anthu ndi injini. Wina anatsokomola. Ndipo womasulira uja, wolongolola uja, amene amamasulira ngakhale kulira kwa mbuzi, anakhala chete. Ndinasendera kutsogolo kwa benchi. Ndinati Alhamdulillah, ndafika pamene ndatumidwa.

Sipanathe ngakhale mphindi imodzi.

"Yathima!"

"Batire yatha iyo!"

"Gibo, thamangitsa, tikuona chiyani apa?"

Gibo anatenga rimoti. Pansi pa sikirini panatuluka manambala. Anali pa 0:58. Anathamanga, anathamanga, anakaima pa 1:12. Werengani nokha, inu a sukulu. Khumi ndi zinayi.

Chithunzi chitabwerera chitseko chinali chotsegula kale, kunja kuli mbuu, dziko lozizira. Anthu akutsika. Ndinawerenga. Anatsika 16. Ndinawerenganso ataima m'mbali mwa msewu. 16. Malaya achikasu panalibe.

Ndinaimirira. Mawondo anga salola kuimirira msanga, koma tsiku limenelo analola.

Ndinati, iwe Gibo, bwezera m'mbuyo.

Anati, "Madala, mdima mumauona ulere kunyumba kwanu. Pano mwalipira zithunzi."

Vidiyo yonse inaseka. Nanenso, ikanakhala nkhani ya wina, ndikanaseka. Yankho linali labwino, ndisaname.

Ndinati anakwera 23, atsika 16, asanu ndi awiri ali kuti?

"Amenewo ndi ongodzazira, madala. Sawerengedwa. Ekita ndi uyo apo, mukumuona. Ekita safa."

Ndinati ine ndikufunsa wa malaya achikasu.

"Wachikasu wake uti?"

Palibe anamuona. Anthu oposa makumi atatu m'chinyumba chija, maso onse pa sikirini imodzi, palibe anamuona. Wina kumbuyo anakuwa kuti agogo khalani pansi mukutitchinga. Gibo anamaliza ndi lamulo lake: akuti pa vidiyo pake amatsatira ambiri. Ambiri akati thamangitsa, amathamangitsa. Akuti filimu imeneyi waionetsa kasanu ndi kamodzi ndipo pamdimapo sanaonetsepo ngakhale kamodzi. Iye mwini sakudziwa zimene zili pamenepo.

Mwamva? Onse aja amatsutsana pamsika sabata yonse, wometa, aphunzitsi, a kabaza, palibe anaona m'kati mwa thiraki. Akuti yoseketsa. Akuti phunziro. Phunziro lake liti, poti tsamba lapakati munang'amba?

Ndinakhala pansi. Zotsalazo ndinaonera ngati mmene munthu amaonera mvula. Bigi anatsuka mbale kwa azungu, anathamangitsidwa ndi apolisi, anaimba nyimbo ina, anabwerera kwawo ndi sutikesi. Anthu anawomba m'manja. 4:50 tinatuluka.

Panja mkangano unayambiranso. Wina akuti Bigi ndi dolo. Wina akuti ndi chitsiru, akanakwatira mzungu. Mnyamata wina wa kabaza anati, "Mwaona? Amavutika koma amafika. Ine Disembala sindikhala kuno." Amafika. Inde, mukathamangitsa aliyense amafika.

Pansi pa mtengo wa mango panakhala Yusufu, mwana wa malemu mlongo wanga, amene anapitako ku Joni n'kubwezedwa chaka chatha. Ndinamuona akutuluka m'vidiyo chitseko cha thiraki chitangotsekedwa, ndipo sanabwererenso. Chibwerere sanakambepo za ulendo wake, ndipo ine sindinamufunsepo. Ndinakhala naye pansi.

Ndinati, Yusufu, m'katimo anthu amatani?

Anatola kamtengo n'kuyamba kukanda pansi. "Amalume, poyamba amacheza. Kenako amapemphera. Kenako amamenya chitseko."

Ndinati, ndiye amatsegula?

"Zimatengera dalaivala."

Anadzuka n'kumapita. Sindinamuitane. Mwana wa mlongo wanga si filimu yoti ndingabwezere m'mbuyo.

Loweruka 10 koloko m'mawa ndinabwerera kwa Gibo. Ndinamupeza akusesa. Ndinatulutsa K1,000, ndinati ndionetse mphindi khumi ndi zinayi zokha, ndekha, utseke chitseko, palibe akuwe. Anati batire akusungira mpira wa masana. Ndinati dzuwa lili apo likuwotcha sola yako ulere. Anati, "Madala, mpira ndi umene umandidyetsa. Bwerani Lolemba, kulibe anthu."

Lolemba 9:15 ndinali pakhomo pake. Anafika 10:40, akutafuna chinangwa. Atandiona anagwira kumutu.

"Aaa, madala! Ija ndafufuta. Memore inadzaza, ndaikamo zakarate zatsopano."

Ndinati unaitenga kuti?

Akuti kwa mnzake wa ku Dwangwa. Dzina? Akuti amangomuti Bulazi. Nambala? Akuti ili mu foni ina imene inagwera m'madzi. Kenako anandisisita paphewa, ine, munthu amene ndinadya mpunga wa pa ukwati wa agogo ake.

"Musadandaule madala, ndi filimu chabe. Lachitatu kuli ina yachimwenye, ya chikondi. Inu mudzalowa ulere."

Sindinakalipe. Ena mukudziwa pakamwa panga, mukuyembekeza kuti ndinamusambitsa. Ayi. Ndinayang'ana m'kati mwanga kuti mkwiyo uli pati, ndinapeza mulibe kanthu, ngati nkhokwe ya mwezi wa Febuluwale. Ndinavala kofia yanga n'kubwerera.

Tsono mvetserani chimene chandilembetsa.

Lachisanu lija nditafika kunyumba, dzuwa lisanalowe, amake Rajabu anali pakhonde akupeta mpunga. Sanandipatse moni. Anangoti, "Anatsika?"

Ndinati anatsika.

"Onse?"

Ine ndine Bwanali. Ndinauzapo mudzi wonse kuti ng'ona ya pa Chia yandipatsa moni m'Chiarabu, ena mpaka lero amakhulupirira. Bodza la liwu limodzi lokha, "onse", likanandivuta chiyani? Linakana kutuluka. M'malo mwake ndinawauza za mnyamata wa malaya achikasu, mmene anapunthwira, mmene anasekera. Kulakwa kwanga kumeneko. Ndinati zotsalazo Gibo anathamangitsa.

Anapitiriza kupeta. Mpunga unali woyera kale, koma anapetabe.

Kuyambira tsiku limenelo sakufunsanso za Rajabu. Akufunsa za wachikasu. Loweruka anafunsa. Lolemba anafunsa. Lero m'mawa pondipatsa tiyi anati mwina anatsikira panjira, thiraki itaima pena. Ndinati mwina.

Ndiye Gibo, ndili ndi mafunso atatu, uyankhe pompano pa gulu anthu aone. Atsikana ovina unawapatsa mphindi khumi ndi imodzi zonse, anthu otsekeredwa unawamana ngakhale imodzi, sikelo yako ndi yotani? Ukamati umatsatira ambiri, amene walipira K300 yofanana koma ali yekha apite kuti? Ndipo ndani anakuuza kuti ongodzazira alibe kwawo?

Inu anyamata a Disembala, pitani kwa Gibo mukaonere, sindikuletsani. Koma dziwani kuti amakugulitsani kukwera ndi kutsika basi. Zapakati amadula. Transipota nayenso amagulitsa chimodzimodzi.

Ndipo inu nonse, kaya muli ku Dwangwa, kaya ku Kanyenda, kaya mukumudziwa Bulazi ameneyu: ngati alipo amene ali nayo filimuyi, kapena anaionera yonse osadumpha, ndikumufuna. Musandiyankhe ndi tizithunzi ta manja opemphera, ndatopa nato. Bwerani kunyumba, yachitatu kuchokera pa mjigo, ya chitseko chobiriwira. Tiyi alipo. Mudzakhale pakhonde, mudzawauze amake Rajabu zimene zinachitika kuyambira 0:58 mpaka 1:12, mwadongosolo, mmene zinalili.

Ngati wachikasu anatsika, mudzanene. Ngati sanatsike, mudzanenenso. Ife tili mumdima umenewu chaka chachitatu tsopano, sitiuopa. Chokhacho, mukafika pamenepo musathamangitse.